Mutu ukamawawa mphuno n'kutsekeka: ndi masainasi kapena mtsempha?

Azakhali anga a ku Chilobwe anazulitsa mano awiri abwinobwino asanadziwe kuti vuto silinali m'kamwa. Ululu unkawagwira ngati shoko ya magetsi, kuchokera pambali pa mphuno ya kumanja, kutsikira pamlomo wa m'mwamba, n'kukabaya tsaya. Masekondi owerengeka, watha. Akati atsuke m'kamwa, wabweranso. Anasiya kusamba kumaso mbali imeneyo, nsima ankatafunira kumanzere, ndipo m'miyezi ya chiperoni sankakwera minibasi osadziphimba chitenje mpaka m'maso. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pakhonde, ndinawapatsa moni kawiri iwo ali duu, atangokweza dzanja kuti ndidikire. Patapita kanthawi anati, "Mwanawe, usandione mwano. Kulankhula kumeneku ndiye kumaudzutsa."

Achibale tinagawikana. Ena ankati ndi dzino, ena ankanong'ona kuti alipo wawaponyera, koma ambiri tinkati ndi masainasi, poti ululuwo unkayambira pamphuno. Mawu amenewa afala kwambiri muno mu Blantyre. Munthu mutu ukamuwawa pachipumi kapena kuseri kwa diso, mphuno n'kutsekeka, salingaliranso kawiri. Amapita ku famase kukagula amokisilini ndi mankhwala odonthezera m'mphuno, kunyumba n'kukafukiza masamba a bulugama. Nthawi zina amakhala kuti walondola. Koma kawirikawiri mphunoyo siimene yayambitsa mutu. Imakhala kuti nayonso yangogwera m'zimene wachita mtsempha.

Tiyambe talongosola mawu oti mtsempha, chifukwa pa Chichewa timawagwiritsa ntchito ponena zinthu ziwiri zosiyana. Pali mtsempha wa magazi, umene anamwino amafunafuna pamkono poika diripi. Palinso mtsempha wonyamula mauthenga pakati pa thupi ndi ubongo, umene umakudziwitsani kuti mwaponda khala la moto. Nkhani ino kwenikweni ndi ya wachiwiriwu.

Kumaso konse, kumva kukhudza, kutentha ndi kupweteka kumadutsa mumtsempha umodzi waukulu mbali iliyonse, wotchedwa trigeminal. Ndi wa nambala 5 mwa mitsempha 12 imene imatuluka mwachindunji muubongo, iwiriiwiri. Ikani chikhatho chanu patsogolo pa khutu, mutambasule zala zitatu cholozetsa kumaso. Chala chapamwamba chaloza chipumi, diso ndi msana wa mphuno: imeneyo ndi nthambi yoyamba. Chapakati chaloza tsaya, mbali ya mphuno, mlomo ndi mano a m'mwamba. Chapansi chaloza nsagwada ndi mano a m'munsi. Chofunika kuchigwira bwino n'chakuti nthambi ziwiri zoyambazo ndi zomwenso zimamva zochitika m'kati mwa mphuno ndi m'masainasi, ndipo mtsempha womwewo ndi umene umamva ululu wa nembanemba zokuta ubongo pamodzi ndi mitsempha yake ya magazi. Mauthenga onsewa amakathira pamalo amodzi m'tsinde la ubongo. N'chifukwa chake ubongo umatha kusokoneza kumene uthenga wachokera: vuto lili m'kati mwa chigaza, inu n'kumalimva patsaya.

Tsono pali chinthu china chimene aliyense wodya kambuzi amachidziwa bwino ngakhale sanachiphunzire m'kalasi. Mwaluma tsabola ndi kanyenya wa pachiwaya ku Ndirande, pompo misozi ili mbwembwembwe, mamina chuchuchu. Simunadwale chimfine m'mphindi imodzi imeneyo. Tsabolayo wadzutsa mtsempha wa trigeminal, uthenga wafika m'tsinde la ubongo, kumeneko lamulo labwerera kudzera mumtsempha wina, wa nambala 7, n'kukafika pa kamfundo ka mitsempha kamene kali kuseri kwa mphuno. Kamfundoko ndi kamene kamatsegula misozi ndi mamina, komanso kufufumitsa mitsempha ya magazi ya m'mphuno mpaka mpweya kumavuta kudutsa. Anyezi amachitanso chimodzimodzi. Ndiye taganizirani mtsempha umenewu utadzuka wokha, popanda tsabola, chifukwa cha matenda a mutu. Diso lifiira, misozi ituluka, mphuno itsekeka, pomwe m'masainasi mulibe kachilombo kalikonse.

Izi sizikutanthauza kuti matenda a masainasi kulibe. Masainasi pawokha si matenda, ndi timphako ta mpweya m'mafupa a nkhope ndipo tonse tili nato: m'masaya, pachipumi, pakati pa maso, ndi tina m'kati kwambiri kuseri kwa mphuno. Timatulutsira mamina m'mphuno kudzera m'tizibowo tating'ono. Chimfine chikatupitsa m'mphuno, tizibowoto timatsekeka, mamina n'kuunjikana. Zikatero munthu amamva nkhope kulemera, makamaka akawerama kumanga nsapato. Mamina amakhala okhuthala, achikasu kapena obiriwira, fungo la ndiwo salimva, thupi limatha kutentha. Ululu wake suzima n'kuyaka ngati babu. Umakhalapo tsiku ndi tsiku mpaka kutupako kutaphwa. Ambiri mwa matendawa amayamba ndi mavairasi ndipo amatha okha. Dokotala amayamba kuganizira za mabakiteriya ngati padutsa masiku 10 osasintha, kapena munthu anayamba kupeza bwino kenako n'kudwalikanso kwambiri. Dzino la m'mwamba lobooka lingathenso kuwolesa sainasi ya patsaya, chifukwa mizu yake imayandikana nayo, ndipo pamenepo mamina amatuluka mbali imodzi ali ndi fungo loipa. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala, utsi wa mbaula m'nyumba yotseka mawindo, ndi utsi wa zinyalala zotenthedwa m'mbali mwa misewu zimatsekadi mphuno za anthu ambiri mumzinda muno, koma kutsekeka kokhako sikubweretsa mutu woti munthu n'kulephera kupita kuntchito.

Amene amanamiziridwa masainasi kuposa onse ndi mutu waching'alang'ala. Mu 2004, madokotala a ku America motsogozedwa ndi Curtis Schreiber anafalitsa zimene anapeza ataunika anthu 2,991 amene ankakhulupirira kuti amadwala mutu wa masainasi, ena mwa iwo atauzidwa choncho ndi madokotala. Anthu 88 mwa 100 aliwonse anapezeka kuti zizindikiro zawo zinali za mutu waching'alang'ala. Nambala imeneyi imandikhudza, chifukwa ndikayang'ana azimayi amene ndimawadziwa, ogulitsa mumsika wa Limbe, aphunzitsi, a kwaya kutchalitchi kwathu, ndimaona nkhani yomweyi. Mutu umenewu umagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa 7 aliwonse padziko lapansi, ndipo akazi amavutika nawo kuwirikiza katatu poyerekeza ndi amuna. Umatha maola 4 mpaka 72. Umagunda ngati mtima, kawirikawiri mbali imodzi, umakula munthu akamayenda kapena kukwera chitunda, umabwera ndi nseru kapena kusanza, ndipo wodwala amafuna chipinda cha mdima chopanda phokoso. Pafupifupi theka la odwalawa amaonanso misozi, diso lofiira kapena mphuno yotsekeka mutuwo ukafika pachimake. Mamina ake amakhala oyera ngati madzi, ndipo mutu ukatha mphuno imatseguka yokha.

Chimene chimalimbitsa chikhulupiriro cha masainasi ndi ichi: mayi wayamba kumwa makapisozi Lolemba, pofika Lachitatu mutu wasiya. Iye amathokoza makapisoziwo, chonsecho mutu waching'alang'ala ukanasiya wokha pa masiku atatu omwewo. Mwezi wamawa, msambo ukayandikira kapena akagona mochedwa pamaliro, wabweranso, iye wagulanso. Kumwa maantibayotiki mwa njira imeneyi kumatipweteka tonse. Kafukufuku wa bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, amene anaunika magazi a odwala a ku Queens kuyambira 1998 mpaka 2016, anaonetsa kuti mabakiteriya ambiri oyambitsa matenda a m'magazi asiya kumva mankhwala amene tinkawadalira. Pomwe mutu waching'alang'ala uli ndi chithandizo chake: bufeni kapena asipirini womwa msanga mutu ukangoyamba, mankhwala oletsa kusanza, sumatriptan kwa amene angamupeze, ndipo kwa amene umawabwera pafupipafupi pali amitriptyline kapena propranolol womwa tsiku lililonse kuti uzibwera patalipatali.

Pali mtundu wina wa mutu umene mphuno imalowererapo moonekeratu, ndipo ndinauona ndi maso anga tikuchita lendi mpanda umodzi ndi telala wina ku Zingwangwa. Kwa milungu pafupifupi 6, cha m'ma 1 koloko usiku, tinkamva chitseko chawo chikutseguka. Bamboyo ankazungulira pabwalo atakanikiza diso la kumanzere ndi chikhatho, kubuula, kukhala pansi, kudzukanso, nthawi zina kugunditsa mutu kukhoma. Usiku wina ndinatuluka ndi tochi. Diso linali psuu, chikope chitagwa, mphuno ya mbali yomweyo itatsekeka kwinaku ikudontha madzi. Mbali ya kumanja inali bwinobwino ngati ya munthu wina. Akazi awo anandiuza kuti, "Achimwene, ikangokwana ola amagona ngati palibe chachitika. Ndiye m'mawa tikapita kuchipatala tikanena kuti chiyani, munthu ali bwinobwino chonchi?"

Matenda amenewa madokotala amawatchula kuti cluster headache, chifukwa amabwera mowunjikana: milungu ingapo tsiku ndi tsiku, kenako n'kusowa miyezi kapena chaka. Amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa 1,000, makamaka amuna, ndipo ambiri mwa iwo amakhala osuta fodya. Ululu umodzi umatha mphindi 15 mpaka maola 3, ndipo ungabwere mpaka ka 8 pa tsiku. Umasunga nthawi ngati wotchi chifukwa gwero lake likukhudza kachigawo ka ubongo kotchedwa hypothalamus, kamene kamayendetsa nthawi ya kugona ndi kudzuka. M'nyengo yakeyo, botolo limodzi la mowa ndi lokwanira kuudzutsa. Kusiyana kwake ndi mutu waching'alang'ala kumaonekera pa khalidwe la wodwala: wa ching'alang'ala amafuna kugona osagwedezeka, wa cluster sangakhazikike. Panado sachita kanthu, poti akamayamba kugwira ntchito ululu umakhala utatha kale. Chimene chimaudula ndi okosijeni wa m'silinda, malita 12 mpaka 15 pa mphindi kudzera m'masiki, kwa mphindi pafupifupi 15, kapena jakisoni wa sumatriptan. Woteteza ndi verapamil, mankhwala amene amafuna kuti dokotala aziyeza kagundidwe ka mtima. Mutu wa cluster uli ndi m'bale wake wotchedwa paroxysmal hemicrania, wa ululu waufupi, mphindi 2 mpaka 30 koma kambirimbiri pa tsiku, amene amamva indosidi modabwitsa. Indosidiyo amakanda m'mimba, choncho si womwa mwachisawawa.

Tibwerere kwa azakhali. Awo anali matenda otchedwa trigeminal neuralgia, amene dokotala wa ku London John Fothergill anawalongosola bwino kale mu 1773. Pano ndi pamene mitsempha iwiri ija imakumana. Mwa odwala ambiri, mtsempha wa magazi umakhala utatsamira pa mtsempha wa trigeminal pamalo pamene ukutulukira muubongo. Mtima ukamagunda, umaukhula pang'onopang'ono kwa zaka, mpaka chikutiro chake kuperepeseka ngati waya wamagetsi wosupuka pulasitiki. Zikatero uthenga wa kukhudza chabe umalumphira mu njira ya ululu. Kamphepo ka pakabaza, mswachi, lumo lometera ndevu, ngakhale kupsompsona mdzukulu, zonsezi zimasanduka shoko. Ululu wake umatha kuyambira kadontho ka sekondi mpaka mphindi 2, umagwira mbali imodzi, makamaka tsaya ndi nsagwada, ndipo umakonda anthu opitirira zaka 50, akazi kuposa amuna. Malo amene amaudzutsa kawirikawiri ndi pambali pa mphuno ndi pamlomo, n'chifukwa chake anthu amathamangira kuganiza za masainasi kapena dzino. Koma pa matendawa mphuno sitsekeka kwenikweni, mwina kamsozi chabe.

Kilinikala ofesala wina ndi amene anawazindikira, osati ndi makina, koma ndi mafunso: ululu umatha nthawi yaitali bwanji, chimaudzutsa n'chiyani, umakudzutsani kutulo? Anawalembera carbamazepine. Atafika kunyumba mdzukulu wawo anawerenga pa intaneti kuti ndi mankhwala a khunyu, azakhali n'kuwakankhira kutali. "Ine khunyu ndilibe, andipatsiranji zimenezi?" Tinachita kuwanyengerera. N'zoona kuti ndi a khunyu, ndipo chifukwa chake n'chimodzi: amakhazika pansi mtsempha umene ukuthetheka wokha. Akhala akugwiritsidwa ntchito pa ululu umenewu kuyambira 1962, ndipo amathandiza odwala ambiri pamene panado, bufeni ngakhale mankhwala amphamvu opha ululu alephera. Amayambidwa pang'ono n'kumawonjezera, chifukwa amachititsa chizungulire ndi tulo. Munthu akatuluka zidzolo kapena zilonda m'kamwa ndi m'maso atayamba kumwa, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Pali mfundo ina yokhudza carbamazepine imene kuno kwathu siyenera kudumphidwa. Mankhwalawa amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena. Amachepetsa mphamvu ya dolutegravir, amene ali m'ma ARV omwe anthu ambiri m'Malawi muno akumwa kuyambira 2019, ndiponso amafooketsa mapiritsi olera ndi njira yolera yoika pamkono. Kwa mayi woyembekezera angathe kuvulaza mwana. Choncho pouza dokotala za ululu wa nkhope, muuzeninso zonse zimene mukumwa, ngakhale zimene simukonda kuzitchula. Mankhwala akakanika pali opaleshoni imene Peter Jannetta wa ku America anaitchukitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1960, yoika kansalu kofewa pakati pa mitsempha iwiriyo. Wodwala akakhala wachinyamata, kapena nkhope ikachita dzanzi, kapena ululu ukagwira mbali zonse ziwiri, pamafunika kujambula m'mutu kuti aone ngati palibe chotupa kapena matenda ena a ubongo. Makina oyamba a MRI, ojambulira m'kati mwa mutu, anafika ku Queens mu 2008.

Mashingozi nawo ndi matenda a mtsempha, ngakhale timawaona pakhungu. Kachilombo ka katsabola amene tinadwala tili ana sikachoka m'thupi, kamabisala m'mizu ya mitsempha. Chitetezo chikatsika chifukwa cha ukalamba, HIV, shuga kapena khansa, kamadzuka n'kutsata mtsempha umodzi. Kakasankha nthambi yoyamba ya trigeminal, munthu amayamba kumva kuotcha pachipumi ndi m'mphuno mbali imodzi masiku angapo matuza asanatuluke, ndipo m'masiku amenewo ambiri amati ndi masainasi. Matuza akatuluka amalekezera pakati penipeni pa nkhope ngati wina wajambula mzere. Mukaona thuza pansonga ya mphuno, dziwani kuti diso lili pangozi, chifukwa kanthambi kopita pamenepo ndi komwenso kamapita m'diso. Ameneyo ndi wofunika kuonedwa ndi a maso, monga a ku Lions Sight First ku Queens, osadikira mawa. Aciclovir amagwira bwino akayambidwa pasanathe maola 72 matuza atatuluka. Kupaka phulusa, mankhwala otsukira mano kapena zitsamba pafupi ndi diso kumangowonjezera zilonda. Ena matuza akapola ululu umatsalira kwa miyezi kapena zaka, moti ngakhale chipewa sichivalika, ndipo amenewa amathandizidwa ndi amitriptyline kapena gabapentin. Wachinyamata akadwala mashingozi ndi bwino akayezetse magazi.

Palinso mitsempha ya kunkhongo imene ikapsinjika imabaya kuchokera pakhosi kukwera pamutu mpaka kuseri kwa diso, koma imeneyo mphuno siikhudza kwenikweni. Ndipo kuyambira 1908, pamene Greenfield Sluder wa ku St. Louis analemba za ululu wochokera pa kamfundo ka kuseri kwa mphuno kaja, madokotala akhala akukangana ngati fupa la pakati pa mphuno lopindika, likamakhudza khoma la mphuno, lingayambitse mutu. Anthu ochuluka ali ndi fupa lopindika koma mutu suwawawa, ndipo ena ochitidwa opaleshoni mutu umabwerera. Ine ndingalangize munthu kuti asafulumire kupita ku mpeni asanayese bwinobwino chithandizo cha mutu waching'alang'ala. Musadabwenso mukaona kuti mphuno imodzi yatsekeka masana, usiku n'kutsekeka inayo. Mphuno zimasinthana ntchito pakapita maola angapo, ndi mmene thupi linapangidwira.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi matenda amene timadzipatsa tokha pofuna kuchira. Mankhwala odonthezera kapena kupopera m'mphuno, a mtundu wa xylometazoline, amatsegula mphuno m'mphindi zochepa, koma mukapitiriza kupyola sabata imodzi, mphamvu yake ikatha mphuno imatupa kuposa kale, inu n'kudonthezanso. Pali anthu amene sagona kabotoloko kasali pansi pa pilo. Mankhwala a mutu nawo ali ndi msampha womwewo. Kumwa panado, bufeni kapena asipirini masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi, kwa miyezi yopitirira itatu, kumabweretsa mutu wa tsiku ndi tsiku. Kwa mankhwala osakaniza ndi caffeine kapena codeine, masiku 10 okha ndi okwanira. Paokala amagulitsa awiriawiri, ndiye munthu sawerenga kuti mwezi uno wamwa kangati.

Zonsezi ndi za mutu umene umapita n'kubwera. Ulipo wina wosafunika kuuyesa ndi mapiritsi kunyumba. Mutu wobwera mwadzidzidzi ngati wina wakumenyani ndi chibonga, mutu wa kutentha thupi ndi kuuma khosi, wa kukomoka kapena kubwebweta, wa kufooka mkono ndi mwendo kapena kupindika pakamwa, umenewo ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo. Chimodzimodzi diso likatupa kapena kutuzuka munthu ali ndi chimfine, makamaka mwana, chifukwa mafinya a m'sainasi amatha kulowa m'diso ndi muubongo. Mayi woyembekezera akamva mutu ndi kuona zinthu zothwanima akayezetse BP msanga. Munthu amene ali ndi HIV mutu ukamakula tsiku ndi tsiku kwa sabata, pamafunika kuyeza matenda oumitsa khosi a cryptococcus, amene apha anthu ambiri kuno. Kutentha thupi kulikonse, malungo ayezedwe. Ndipo mphuno imodzi yokha ikatsekeka kwa miyezi, n'kumatuluka magazi, akaione a makutu, mphuno ndi pakhosi. Ku Queens alipo, ndipo njira yake imayambira pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, kaya ku Ndirande, Zingwangwa, Limbe, Bangwe kapena Chilomoni, kumene amalemba kalata yokutumizani.

Pamzere wa kuchipatala anthu amakhala ambiri ndipo nthawi yokhala ndi dokotala ndi yochepa. Mukangonena kuti "ndili ndi masainasi", mwamupatsa kale yankho, ndipo n'zosavuta kutuluka ndi makapisozi. Matenda a mitsemphawa saoneka m'magazi kapena pa ekisile, amadziwika ndi mmene wodwala akufotokozera. Tengani kope la mwana wasukulu, kapena tsamba la kumapeto kwa kabuku ka kuchipatala, muzilemba kwa mwezi umodzi: tsiku, nthawi imene wayamba ndi imene wasiya, mbali iti, mumatani pamene umayamba, diso ndi mphuno zinatani, mamina anali amtundu wanji, mwamwa mapiritsi angati. Masekondi amaloza kwina, ola limodzi kwina, tsiku lathunthu kwina. Wachibale atha kujambulanso nkhope yanu pafoni ululu uli pachimake, kuti dokotala adzaone diso lofiira ndi chikope chakugwa chija chimene m'mawa chimakhala chitabwerera m'malo.

Azakhali anayamba ndi theka la piritsi. Sabata yoyamba ankadandaula chizungulire, akuyenda chogwira khoma. Sabata yachitatu ndinawapeza pampopi akusamba kumaso ndi manja onse awiri, sopo ali thovu mpaka pamphuno. Ululu umabwerabe nyengo zina, makamaka Juni akalowa ndi mphepo yake ya ku Thyolo, ndipo akatero amapita kukawonjezetsa mlingo. Chitenje chija sanachisiye pokwera minibasi. Chimanga chootcha amadya, koma amatafunira kumanzere, poti kumanja kuja kunatsala mpata wa mano awiri.